Tikulembeni pati, agogo?

M'mwezi wa Seputembala chaka cha 2018, nthawi ya kalembera wa anthu, ndinali kumudzi kwathu ku Dedza. Ndinapita kukathandiza amalume kufolera khitchini ya agogo mvula isanayambe. Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, panafika mtsikana wina atabereka kachikwama kumsana, tabuleti ili m'manja, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Tinamuyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, ine ndi amalume n'kutsika padenga. Anafunsa mafunso ake mwaulemu: anagona pakhomo pano ndi angati, zaka zawo, sukulu analekeza pati, madzi mumatunga kuti, mumaphikira chiyani. Zonse zinkayenda bwino mpaka anafika pa funso la chipembedzo.

"Agogo, mumapemphera mpingo wanji?"

"CCAP, mwanawe. Ndine wa Chigwirizano, yunifolomu yanga ili m'nyumbamu."

Anadina. "Nanga bambo awa?"

Amalume anapukuta thukuta ndi chipewa n'kuyankha nkhope ili gwa: "Ine lembani mpingo wa Aroni."

Mtsikana uja, yemwe ankaoneka kuti anakulira m'tauni, anayendetsa chala pa tabuleti, kukwera, kutsika, osaupeza mpingowo. Agogo ndiwo anamumasula: "Usavutike, ndi wa gule ameneyo." Tonse tinaseka, iye n'kudina pa chipembedzo cha makolo.

Kenako inafika nthawi ya msuweni wanga, mwana wa amalume omwewo, yemwe anali atangomaliza kumene koleji ndipo ankakhala kwa agogo podikira ntchito.

"Ine mulembe kuti ndilibe."

"Ulibe chiyani?" anatero agogo.

"Chipembedzo, agogo."

"Iwe! Ndinakunyamula ndekha tsiku lokabatizidwa, atate wako ali kudambwe. Mulembe CCAP ameneyo."

Mwini khomo anali agogo, ndiye chala chinadina pamene agogo analoza.

Zimene ndinaona masiku otsatira ndi zimene zakhala zikundizunguza mutu mpaka lero. Loweruka lomwelo agogo anadzuka ali khuma. Anati alota malemu agogo aamuna atavala sanza, akudandaula kuti pakhomo pano anthu anawaiwala. Sanachite phokoso. Anakonza thobwa, anatapa ufa woyera m'kambale, n'kuitanira amalume kuseri kwa nkhokwe. Patapita masiku awiri, m'bandakucha, amalume anakatsira zonsezo patsinde pa mtengo wa msolo uku akutchula mayina a anthu amene ine sindinawaonepo. Agogo sanapite nawo. Lachinayi anavala yunifolomu yawo yoyera, buku la nyimbo kukhwapa, ulendo wa ku Chigwirizano.

Msuweni wanga wopanda chipembedzo uja naye anandidabwitsa. Titaitanidwa kukadya nsima pakhomo pena, iye anakana, ati m'mimba simuli bwino. Madzulo ake anandinong'oneza chifukwa chenicheni: mayi a pakhomopo amamveka kuti amatamba. Ameneyu ndi munthu amene dzana lake anandigoneka mochedwa pondiphunzitsa kuti kumwamba kulibe aliyense, kuli nyenyezi ndi mdima basi. Ndipo amalume, omwe a mpingo amawatcha akunja, ndiwo amatchula dzina la Chauta kuposa tonsefe. Pobzala, "Chauta akalola." Pokolola, "Chauta wationa chaka chino." Pamaliro, "Chauta watenga chake."

Zotsatira za kalembera zitatuluka, zinati m'dziko muno muli anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pa anthu 100 aliwonse pafupifupi 77 ndi Akhristu, 14 Asilamu, awiri alibe chipembedzo, ndipo mmodzi yekha ndiye wa chipembedzo cha makolo. Mmodzi yekha! Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Sikuti manambalawo ndi abodza. Mtsikana uja analemba zimene anauzidwa, ndipo anzake m'dziko lonse anachita chimodzimodzi. Koma funso limene tinayankha tsiku lija linali lakuti dzina lanu lili m'kaundula wa mpingo uti. Lakuti mukuganiza kuti dziko lino likuyendetsedwa ndi yani, palibe anatifunsa.

Ine ndine munthu wokonda kuika zinthu m'malo mwake. Ngakhale malisiti a magetsi ndimawasunga mwa miyezi. Choncho ndinayamba kuwerenga za mabokosi amene anthu ophunzira anapanga oikamo zikhulupiriro za anthu, ndili ndi chiyembekezo choti ndipeza loikamo aliyense wa atatu aja.

Chinthu choyamba chimene ndinatolapo, ndipo ndimachithokoza mpaka pano, n'chakuti mafunso amene timawaphatikiza tikamakangana m'minibasi kapena pa Facebook ndi osiyana. Lina ndi lakuti kodi Mulungu alipo. Wovomera pa Chingerezi amati theist, wokana amati atheist. Lina ndi lakuti kodi zimenezi munthu angazidziwe n'komwe. Apa ndi pamene pamakhala agnostic, mawu amene anawapeka wasayansi Thomas Henry Huxley ku London mu 1869. Huxley anali m'kagulu ka anthu ophunzira kotchedwa Metaphysical Society, momwe munali akuluakulu a mipingo, asayansi ndi andale, ndipo pafupifupi aliyense anali ndi dzina la chimene amakhulupirira kupatula iyeyo. Anangopeka lake, ndipo pambuyo pake analemba moseka kuti ankafuna kuonetsa kuti naye ali ndi mchira ngati nkhandwe zinzake. Mfundo yake inali yakuti usamanene kuti ukudziwa chinthu chimene ulibe nacho umboni.

Anthu ambiri amaganiza kuti agnostic ndi munthu woima pakati pa msewu, wosafuna kuwolokera uku kapena uko. Si choncho kwenikweni, chifukwa iye akuyankha funso lina. Munthu akhoza kugwada usiku uliwonse koma mumtima akuvomera kuti sakudziwa ngati akumvedwa. Wina akhoza kukhala moyo wake wonse osapemphera, komabe osalumbira kuti kumwamba kulibe kanthu. Richard Dawkins, wasayansi wa ku Britain amene amadziwika ndi kutsutsa zipembedzo, anajambula makwerero a masitepe 7 mu 2006: pa 1 pali wonena kuti ndikudziwa ndithu kuti Mulungu alipo, pa 7 pali wonena kuti ndikudziwa ndithu kuti kulibe. Mwini wakeyo anadziika pa 6. Ndikukhulupirira kuti m'mabenchi a matchalitchi athu muli anthu ambiri a pa 2 ndi pa 3, kungoti nyimbo zonse zinalembedwa ngati tonse tili pa 1.

Ukavomera kuti alipo, funso lotsatira ndi lakuti ndi angati. Ayuda, Akhristu ndi Asilamu amati mmodzi, koma ngakhale m'bokosi limeneli anthu sakhala mwamtendere: shehe adzakuuza kuti Utatu Woyera si umodzi weniweni, a Mboni za Yehova nawo amaukana Utatuwo, ndipo m'busa adzakufotokozera mpaka dzuwa kulowa kuti atatuwo ndi mmodzi. Agiriki ndi Aroma akale ankati milungu ndi yambiri, uliwonse ndi ntchito yake. Pali ena amene ankati yambiri ilipodi, koma ife tikugwadira umodzi. Max Müller, amene anafufuza malemba akale a ku India, ndiye anafalitsa dzina lakuti henotheism pa maganizo otere. Ndiye pali amene anaona mphamvu ziwiri zikulimbana, ya kuwala ndi ya mdima. Ku Persia chiphunzitso cha Zoroaster chinaimika Ahura Mazda moyang'anizana ndi Angra Mainyu, ndipo pambuyo pake mneneri wina dzina lake Mani anakulitsa kwambiri maganizo a mbali ziwiriwa. Augustine wa ku Hippo, dera limene lero lili ku Algeria, anatsatira chiphunzitso cha Mani pafupifupi zaka 9 asanakhale Mkhristu. Ndikamamva mapemphero ena a usiku wonse kuno kutauni, momwe dzina la Satana limatchulidwa kuposa la Mulungu, ndimadzifunsa ngati Mani anafadi.

Funso limene linandigwira mtima kwambiri ndi lakuti Mulunguyo ali kuti, ndipo akuchita chiyani. Anthu ena a ku Ulaya ndi America m'zaka za m'ma 1700, monga Voltaire ndi Thomas Paine, ankati Mlengi alipo, analenga dziko n'kuliikira malamulo ake, koma mabuku opatulika ndi nkhani za zozizwitsa ankazikayikira kapena kuzikana. Ukachitsatira mpaka kumapeto, chiphunzitsochi, chimene amati deism, chimamufanizira Mulungu ndi mmisiri amene anapanga wotchi, n'kuipukusa, n'kuisiya kuti iziyenda yokha. Baruch Spinoza, Myuda wa ku Amsterdam amene anadulidwa mu sunagoge mu 1656 ali ndi zaka 23, n'kumapeza chakudya posula magalasi a makina oonera zinthu, anati Mulungu ndi chilengedwe ndi chinthu chimodzi. Kumeneko ndiko amati pantheism. Ena anamutcha wokana Mulungu, pomwe wolemba ndakatulo wina wa ku Germany, Novalis, anamutcha munthu woledzera ndi Mulungu. Munthu mmodzi, mabokosi awiri otsutsana. Mu 1828 Karl Krause anawonjezera kabokosi kena, panentheism: dziko lili mwa Mulungu, koma Mulungu ndi wamkulu kuposa dziko, monga chinkhupule chimene chagwera m'nyanja ya Malawi. Madzi ali paliponse m'chinkhupulemo, koma nyanja sithera momwemo.

Pansi pa mafunso onsewa pagona lina lakuya: kodi chimene chilipo kwenikweni n'chiyani? Democritus wa ku Greece ankati zonse ndi tizidutswa tating'onoting'ono tosagawika touluka m'malo opanda kanthu, ndipo ku India gulu la Charvaka linkati munthu akafa watha, palibe chotsala. René Descartes anati pali zinthu ziwiri, thupi ndi maganizo, ndipo n'zosiyana kotheratu. George Berkeley, yemwe anadzakhala bishopu ku Ireland, anatembenuza zonse mu 1710: kulibe zinthu zokhala pazokha kunja kwa maganizo, mtengo ulipo chifukwa ukuonedwa, ndipo tikapanda kuuona ife akuuona Mulungu. Otsatira Shankara ku India amapereka chitsanzo chimene aliyense wokulira kumudzi angachimve: ukuyenda chisisira, ukuona njoka panjira, mtima ukudumpha, koma ukabweretsa nyali ukupeza kuti ndi chingwe. Dziko la zinthu zambirimbiri limene tikulionali, iwo amati, ndi njoka ija; chingwe chake ndi chimodzi chokha, chimene amachitcha Brahman.

Nditasonkhanitsa zonsezi ndinajambula tebulo kuseri kwa kalendala yakale, n'kuyamba kuikamo abale anga. Apa ndi pamene ntchito inandikanika.

Tengani amalume. Nthano imene anatisimbira tili ana, yomwe Achewa ambiri amaidziwa, imati Chauta anatsika ndi mvula pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, n'kutera pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, thanthwe lidakali lofewa, mwakuti mapazi awo anadindika pomwepo. Ankakhala limodzi mwamtendere mpaka tsiku limene munthu anapekesa timitengo tiwiri n'kutulutsa moto. Tchire linayaka. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, nyama zina zinathawira kuthengo zili ndi mkwiyo. Nanzikambe anakwera mumtengo n'kuitana Chauta kuti amutsatire, koma Chauta anati wakalamba, sangathe kukwera. Kangaude ndiye analuka ulusi n'kumukweza kumwamba. Ndinkafuna kulemba kuti imeneyi ndi deism ya Chichewa: Mlengi amene anachoka. Koma sizikugwirizana. Mmisiri wa wotchi uja anachoka chifukwa ntchito inatha. Chauta anachoka chifukwa tinamuthamangitsa ndi moto wathu. Ndiponso sanapite kutali kwenikweni. Makolo ankamuona mu uta wa Leza, ankamumva mu Mphambe mvula ikamagunda, ndipo chilala chikavuta ankapita kwa Makewana ku Msinja kukapempha mvula kwa Chisumphi, monga momwe a kumunsi kwa Shire amapitira ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje. Wotchi sapitanso kwa mmisiri kukapempha kanthu.

Ndiye kodi amalume ndi a milungu yambiri, poti amatsira nsembe kwa mizimu? Mutawafunsa angakusekeni. Mizimu si milungu. Ndi atate awo, ndi agogo awo, anthu amene ankadya nawo mbale imodzi. Ngakhale mayina ambiri aja, Chauta, Namalenga, Mphambe, Leza, Chisumphi, Mulungu, kwa iwo ndi a mmodzi yemweyo, monga mfumu imakhalira ndi dzina la kubadwa, la ufumu ndi la mfunda. Ndinapeza kuti anzathu a ku Nigeria anavutika ndi funso lomweli. Bolaji Idowu, m'busa wa Methodist amene analemba za chipembedzo cha Ayoruba mu 1962, anaona kuti mabokosi onse a Azungu sakukwana, mpaka anapeka dzina lake lotanthauza Mulungu mmodzi amene mphamvu zake zamwazikira mwa atumiki ambiri.

Apa ndi pamene ndinayamba kufunsa kuti mabokosiwa anawakhoma ndani, ndipo ankafuna kusungiramo chiyani. Mawu akuti atheist omwewo ali ndi mbiri yoseketsa. Socrates, mphunzitsi wa nzeru wa Chigiriki, anaphedwa ku Athens m'chaka cha 399 Yesu asanabadwe, ndipo mlandu umodzi unali wakuti salemekeza milungu ya mzindawo. Akhristu oyambirira Aroma ankawatcha okana milungu chifukwa sankafukiza lubani kwa milungu ya boma. Nkhani ya imfa ya Polycarp, bishopu wokalamba wa ku Smyrna, imati woweruza anamulamula kuti atemberere okana milungu, kutanthauza Akhristu anzake. Iye anatambasulira dzanja ku khamu la anthu limene linadzaza bwalo n'kunena mawu omwewo akuloza iwowo. Dzina limadalira amene wagwira tabuleti. N'chimodzimodzi ndi mawu athu akuti wakunja. Kunja kwa chiyani? Kwa mpanda umene wina anamanga dzulo pamalo pamene amalume anabadwira.

M'zaka za m'ma 1860 Samuel Baker, woyendayenda wa ku England, anauza anthu ophunzira ku London kuti mitundu ya anthu imene anaiona m'mbali mwa mtsinje wa Nile ilibe chikhulupiriro chilichonse mwa Mulungu. Mu 1956 E. E. Evans-Pritchard, wofufuza za chikhalidwe cha anthu, anatulutsa buku lathunthu lofotokoza za Kwoth, Mulungu wa Anuer, umodzi mwa mitundu yomweyo. Baker sanaone tchalitchi, sanaone buku, sanaone wansembe wovala mkanjo, ndiye anati palibe kanthu. Edward Tylor mu 1871 anafalitsa mawu akuti animism, kukhulupirira kuti m'zinthu muli mizimu, ndipo m'maganizo a nthawi imeneyo linali sitepe la pansi pa makwerero: mizimu pansi, milungu yambiri pakati, Mulungu mmodzi pamwamba. Sindikufunika kukuuzani amene anapezeka ali pamwamba. Tebulo looneka ngati longosanja zinthu linali ndi mpando wa mfumu mkati.

Koma nafenso tisadzinamize. Poyankha chipongwe chimenechi, olemba ena a ku Africa analimbikira kuonetsa kuti makolo athu ankadziwa kale Mulungu wamphamvuzonse, wodziwazonse, wopezeka paliponse, ndendende wa mu katekisimu. Okot p'Bitek wa ku Uganda anawadzudzula kuti akuveka milungu ya Africa mikanjo ya Agiriki kuti ikaonekere bwino pamaso pa alendo. Ndikuganiza kuti anali ndi mfundo. Chauta wa pa Kaphirintiwa ndi nkhalamba imene inalephera kukwera mtengo mpaka kuthandizidwa ndi kangaude. Ameneyo salowa mu katekisimu popanda kumumeta kaye. Komabe kumeta kwake kunachitika, ndipo kunachitika mbali zonse ziwiri. Buku Lopatulika la 1922, limene ntchito yake yomasulira inatsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Nkhoma, limatchula dzina la Mulungu wa Israyeli kuti Yehova. Buku Loyera la 1998 pamalo omwewo linaika Chauta. Ndiye Lamulungu m'mawa wowerenga mawu akatsegula Masalimo, akutchula dzina lomwe amalume anatchula patsinde pa msolo. Awiriwa akunena za mmodzi, kapena akungobwerekana dzina? Tebulo langa linalibe mzere wa funso limeneli.

Kuti mabokosi amatha kusintha chimene chaikidwamo, chitsanzo chomveka bwino chili ku Indonesia. Mfundo yoyamba ya dziko limenelo ndi kukhulupirira Mulungu mmodzi, ndipo boma limazindikira zipembedzo 6: Chisilamu, Chipulotesitanti, Chikatolika, Chihindu, Chibuda ndi cha Confucius. M'zaka za m'ma 1950 anthu a pachilumba cha Bali, omwe ali ndi akachisi ndi milungu yosawerengeka, ankawerengedwa ngati anthu amene sanapezebe chipembedzo. Atsogoleri awo anakweza dzina limodzi, Sang Hyang Widhi Wasa, kukhala la Mulungu wamkulu, anasanja malemba ndi mapemphero, mpaka analandiridwa ngati Ahindu. Otsatira zipembedzo za makolo m'dzikolo anadikira mpaka 2017 kuti khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko liwalole kulembetsa chikhulupiriro chawo pa chitupa. Ife kuno gawo 33 la malamulo athu a 1994 limapatsa aliyense ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, ndipo palibe amakukaniza chitupa. Koma fomu ya kusukulu, ya kuchipatala, ngakhale funso la apongozi tsiku la chinkhoswe, zonse zimakankhira munthu ku dzina la mpingo. Ndani angayankhe apongozi kuti agnostic?

Chimene ndinazindikira mochedwa n'chakuti kwathu tili nako kale kusanja kwathu, kungoti sikuyambira pa funso lakuti alipo kapena kulibe. Funso limenelo pamudzi silimveka n'komwe. Lathu limatuluka munthu akadwala kapena akamwalira: chachitika n'chiyani, ndipo wachita ndani? Nkhalamba ikafa itadya zaka zake, timati imfa ya Mulungu, ndipo palibe wopita kukaombeza. Mwana akatupa miyendo ndi masaya, akuluakulu amayamba kunong'onezana za tsempho kapena mdulo, kuti pali wina amene sanadzisunge pa nthawi yoyenera kudzisunga. Maloto akachuluka ndi matenda osamveka mutu, ndi mizimu ikufuna kukumbukiridwa. Mnyamata wa bizinezi yoyenda bwino akagwa mwadzidzidzi, pali dzanja la munthu. Taonani kuti pa zinayi zimenezi Mulungu wapatsidwa imfa yofatsa yokha, yopanda mlandu. Zina zonse ndi za ife tokha, amoyo ndi akufa.

Ukasanja anthu potsata funso limeneli, magulu amatuluka mosiyana kwambiri ndi a kalembera. Agogo ndi amalume, omwe tabuleti inawalekanitsa, amagwera pamodzi. Mneneri wa kutauni amene amalalikira motentha kuti mizimu ya makolo ndi ziwanda ali nawo pafupi kuposa mmene angavomerere, chifukwa sakana kuti mizimuyo ilipo ndipo imagwira ntchito. Wangoisintha dzina n'kuitumiza ku mbali ya mdani. Amene ali kutali ndi onsewa ndi namwino wa Chikatolika amene amapita ku Misa m'mawa uliwonse, koma mwana wotupa uja akamuona amati ndi kuperewera kwa zakudya m'thupi, mupatseni chiponde. Iyeyu pa nkhani ya Mulungu ali ndi agogo, koma pa nkhani ya mmene dziko limayendera ali ndi Democritus.

Nanga msuweni wanga? Poyamba ndinkamuseka kuti ndi atheist wa masana okhaokha. Koma nditawerenga za Ajain, otsatira chipembedzo china chakale cha ku India, ndinasiya. Iwo amakana kuti kuli Mlengi, amati dziko lilibe chiyambi, komabe amakhulupirira kuti ngakhale tizilombo tating'ono tili ndi mzimu, mwakuti amonke awo ena amasesa panjira asanaponde. Chibuda nachonso chilibe Mlengi, koma chili ndi kubadwanso ndi zolengedwa zosaoneka. Buddha atafunsidwa ngati dziko lili ndi chiyambi, anayankha ndi fanizo la munthu wolasidwa muvi wa ululu amene akukana kuuzula mpaka atadziwa dzina ndi mtundu wa womulasa. Kukana Mulungu ndi kukana zosaoneka zonse ndi zinthu ziwiri, ndipo msuweni wanga anachita choyamba chokha. Mulungu anamuphunzira m'kalasi ya Sande sukulu, ndipo m'kalasi ina anamutaya. Ufiti sanauphunzire m'kalasi. Unalowa ndi mphini zimene anamutema pachifuwa ali khanda, ndipo buku silifika kumeneko msanga.

N'chifukwa chake sindidabwa kuti George Thindwa ndi anzake a Association for Secular Humanism, bungwe la anthu osatsatira chipembedzo, anadziwika m'dziko muno osati kwenikweni potsutsana ndi abusa za kukhalapo kwa Mulungu, koma pomenyera nkhondo nkhalamba zimene zinkatsekeredwa m'ndende ndi kuthamangitsidwa m'midzi poganiziridwa ufiti. Anaona pamene pali bala. Lamulo la za ufiti la 1911, limene atsamunda anatisiyira, limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Lamulolo lili m'bokosi lina, anthu ambiri amene limawalamulira ali m'bokosi lina, ndipo amene amalipira kusiyanaku ndi agogo a winawake amene nyumba yawo yatenthedwa usiku. Pamenepa ine sindiima pakati. Munthu akhale pa 1 kapena pa 7 pa makwerero a Dawkins, nditha kudya naye nsima. Koma amene yankho lake la "wachita ndani" limathera pa khomo la mayi wamasiye wokalamba, ameneyo tidzakangana.

Mwina mukufunsa kuti nanga iwe uli pati. Tsiku la kalembera lija ndinatchula mpingo umene ndinabatizidwa, ndipo sindinaname, chifukwa ndimapitabe, ndimaimba nawo, chopereka ndimaponya. Mawu a Huxley aja ananditsitsa katundu wina pamutu, poti anandionetsa kuti kusadziwa si uchitsiru ndiponso si kupanduka. Za mizimu, mutu wanga umati maloto a agogo anachokera m'chisoni chawo. Koma amalume atandipempha kuti ndiwanyamulire chipanda cha thobwa mpaka pamphambano m'bandakucha uja, ndinanyamula, ndipo ndinayenda mwakachetechete ngati mmene munthu amayendera pamaso pa akulu.

Chaka chotsatira, nthawi yokolola, ndinapitanso kumudzi. Ndinapeza agogo atakhala pakhonde, lichero lili pamiyendo, akusankha nyemba. Kumunda amabzala zosakaniza, nanyati, kholophethe, napilira ndi zina zimene mayina ake amawadziwa okha, chifukwa mtundu wina ukakana mvula ya chaka chimenecho wina umapirira. Koma mavenda amagula bwino za mtundu umodzi, ndiye zogulitsa amazipatula imodziimodzi. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza.

"Agogo, ndikufunseni. Pakati pa Mulungu ndi mizimu, inu kwenikweni mumapempha kwa yani?"

Sanatukule mutu. "Iwe ukafuna kuonana ndi a gulupu, umangolowa m'nyumba mwawo? Sudzera kwa nyakwawa?"

"Nanga Yesu si ndiye nyakwawa yathu? Abusa amatero."

"Yesu ndi wa anthu onse. Agogo ako ndi athu."

"Koma abusa amati mapanga awiri avumbwitsa."

Apa anandiyang'ana, kenako anatola kanyemba kofumbwa n'kukaponyera nkhuku.

"Abusawo sanawalote agogo ako. Taona, ukusakaniza nanyati ndi kholophethe. Za m'chitini izo usazikhudze, n'zambewu. Gwira thumba ndithire."